Funsani Malume: mamaiki ojambulira ng'oma pa situdiyo ya kunyumba

Mwezi uno makalata atatu akumana pa nkhani imodzi ya ng'oma, ndiye ndawayankha pamodzi. Mafunso ena adikire kaye.

Funso loyamba

Malume, ndine mnyamata wa ku Chinkhoma kuno ku Kasungu. Ndinatsegula kasitudiyo m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya makolo anga. Ndili ndi laputopu, sound card (kabokosi kolowetsera mawu a maiki mu kompyuta) ya Focusrite Scarlett 2i2, ndi maiki imodzi yaikulu ya condenser yojambulira mawu. Mpaka pano ng'oma ndimazipanga pa kompyuta, koma magulu a kutchalitchi ayamba kufuna madiramu enieni oimbidwa ndi munthu. Abusa andilola kugwiritsa ntchito madiramu a kutchalitchi mkati mwa sabata. Ndagulitsa soya, ndipo mnzanga amene amapita ku Johannesburg akuti angandibweretsere chikesi cha mamaiki 7 a madiramu okhaokha. Ndigule? Ndalama imeneyi ikapita yapita, ina ndidzaionanso chaka chamawa.

Yankho

Mphwanga, chikesicho chisiye kaye ku Johannesburg komweko. Tenga Scarlett yakoyo uwerenge malo olowetsa maiki. Alipo awiri. Kugula mamaiki 7 panopa n'chimodzimodzi kugula ng'ombe 7 uli ndi goli limodzi: m'munda zilowa ziwiri, zinazo zikungodya msipu.

Ndikudziwa kuti wina akuuza zobwereka mikisa ya kutchalitchi, ulumikize onse 7, kenako utulutse mawaya awiri kupita ku sound card. Zimatheka, koma zonse zimalowa mu kompyuta zitasakanikirana kale. Hi-hat, timbale tiwiri tachitsulo togundana tija, ikakwera kwambiri, yakwera mpaka kalekale, sungaitsitse payokha. Komanso ukhala ukusakaniza uli m'chipinda chomwecho mmene mnzako akumenya ng'oma, m'makutu muli phokoso lokhalokha. Ine ntchito yotere ndimaikana ngakhale andilipire.

Tsono funso limene ndikufuna udzifunse ndi ili: pa mwezi wathunthu, ndi masiku angati amene ujambule madiramu? Situdiyo ya m'boma ngati lathuli imadya ndalama za makwaya, za oimba ndi gitala, za alakatuli, za timauthenga tamalonda topita ku wailesi. Madiramu amabwera mwa apo ndi apo. Timamaiki tating'ono tomangirira pa ng'oma zapakati zotchedwa tom, timene timadzaza chikesi chija, tsiku la kwaya sitigwira ntchito ina iliyonse. Ndipo m'makesi otchipawa, pamene opanga amachepetsera mtengo ndi pa mamaiki awiri oikidwa pamwamba pa madiramu, amene kwenikweni ndiwo amatola ng'oma zonse. Gula maiki imene ikubweretsere ndalama Lolemba pa madiramu, Lachitatu pa gitala, Loweruka pa ukwati.

Mamaiki amene ungakumane nawo ali mitundu iwiri. A dynamic ali ndi kakoyilo ndi maginito mkati, safuna magetsi, ndipo phokoso lalikulu siliwaopsa. Fumbi la Okutobala, chinyezi cha Januwale, ndodo ya woimba ikaphonya snare (kang'oma kothetheka ka pakati pa miyendo yake) n'kugwera pamutu pa maiki, amapirira. A condenser, ngati yako ija, amafuna magetsi a 48V ochokera ku sound card kudzera pa waya wa XLR, ndipo amamva zinthu zing'onozing'ono: kunyezimira kwa mbale zachitsulo zotchedwa cymbal, mpweya wa m'chipinda, ngakhalenso tambala wa aneba. Pa madiramu umafuna mitundu yonse iwiri, dynamic pafupi ndi chikopa, condenser chapatali pamwamba.

Choyamba kugula chikhale Shure SM57, yeniyeni. Maiki imeneyi inatuluka mu 1965 ndipo mpaka lero sinachoke pa snare m'masitudiyo a dziko lonse lapansi. Ndi yomweyo imene imakhala pa gome loyankhulirapo mtsogoleri wa dziko la America kuyambira nthawi ya Lyndon Johnson. Imatola mawu kuyambira besi ya 40 Hz kufika mawu okuthwa a 15 kHz, imamva kutsogolo n'kukana za kumbuyo, ndiye ukailozetsa pa snare, msana wake ulozetse ku hi-hat. Ikachoka pa snare ipita pa sipika ya gitala, pa lipenga, pa ng'oma yachikopa, pa munthu wa mawu amphamvu amene condenser imamukanika m'chipinda chaphokoso. Ngati uli ndi SM58 pafupi, ija ya mutu wozungulira imene ili m'matchalitchi ambiri, usaipeputse. Inatuluka mu 1966 ndipo kamtima kake n'kofanana kwambiri ndi ka SM57, kusiyana kwakukulu ndi chipewa chakecho. Pa snare imagwira ntchito, kungoti mutuwo ndi waukulu, ndodo imaupeza msanga.

Ndi SM57 ndi condenser imene uli nayo kale, mawa lomwe ukhoza kujambula. SM57 ilowe pa bowo la kick, ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi, kapena ikhale pafupi ndi chikopa chakutsogolo, condenser ikwere pamwamba pa mutu wa woimba ikuyang'ana snare, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa chikopa. Kick yojambulidwa ndi SM57 imatuluka ndi "tu" womveka bwino koma besi yake ndi yochepa, ndiye uwonjezera pang'ono cha pa 60 mpaka 80 Hz posakaniza. Ng'oma zikhala pakati, sizitambasuka kumanzere ndi kumanja, koma pa nyimbo ya kwaya imene anthu akaimvere pa foni ndi pa kawailesi, palibe adzakufunse.

Chachiwiri, ngati ndalama ya soya ikulola, ndi timamaiki tiwiri ta condenser tating'ono tooneka ngati zolembera, togulitsidwa tiwiri pamodzi. Otchipa ndi monga Behringer C-2 ndi Samson C02, okwererapo ndi Rode M5 ndi Rode NT5. C-2 ili ndi kabatani kochepetsa mphamvu ndi 10 dB kapena kudula besi, ndipo pa madiramu kamathandiza. Sindikunamiza, otchipawo amathwa kwambiri pa cymbal, nthawi zina mpaka kulasa m'makutu. Koma timeneti ndi timene tidzakugwirire ntchito kuposa china chilichonse m'situdiyo mwako, chifukwa kwaya ya anthu 20 sungaijambule bwino ndi maiki imodzi ya mawu, ndipo gitala ya bokosi imatikonda.

Ndi tiwiriti tokha ukhoza kutola madiramu onse, ndipo apa ndiye tchera khutu, chifukwa ambiri amalakwira pamenepa n'kumanamizira maiki. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Snare ikamenyedwa, mawu amafika kaye pa maiki yapafupi, kenako pa yakutali. Kusiyana kwa masentimita 34 okha kumachedwetsa mawu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Khutu silimva kuchedwako, koma ukaphatikiza mamaiki awiriwo mafunde amalimbana, ena n'kufafanizana, kuyambira cha pa 500 Hz, ndipo snare imatuluka yopepera, yopanda mnofu. Mankhwala ake ndi chingwe. Maiki yoyamba ikhale pamwamba penipeni pa snare, kutalika kwa ndodo ziwiri zoimbira utazilumikiza, masentimita 80 kapena kuyandikira pamenepo. Tenga chingwe, nsonga imodzi uimate pakati pa snare, ina pa chikopa cha kick pamene kachibonga kamamenya. Kokera chingwecho m'mwamba mpaka chifike pa maiki yoyamba chili chokungika mbali zonse ziwiri, utsine pamenepo. Osasiya pamene watsinapo, tembenuzira dzanjalo kuseri kwa phewa lamanja la woimba. Pamene chingwe chakungikanso mbali zonse, ndi pamene pakhale maiki yachiwiri, ikuyang'ananso snare. Motero kick ndi snare zimafika pa mamaiki onse nthawi imodzi. Njira imeneyi anthu amaitchula kuti Recorderman. Ukajambula kachidutswa, pa kompyuta ika mawu a mamaiki onse pakati uwamvere pa sipika imodzi. Snare ikachepa mphamvu, bwerera ku chingwe.

Chaka chamawa usadzayambe ndi maiki ina. Udzagule sound card ya malo anayi, monga Behringer UMC404HD. Pamenepo ndiye zonse udzakhala nazo: tiwiri tija pamwamba, SM57 pa snare, ndipo condenser yaikulu ija kutsogolo kwa kick, masentimita 40 kapena 50 kuchokera pa chikopa, yopendekeka pang'ono kuti mphepo ya pa bowo isaimenye. Mngelezi wina wojambula nyimbo, Glyn Johns, amene anagwira ntchito ndi magulu oimba a The Rolling Stones, The Who, komanso Led Zeppelin pa chimbale chawo choyamba cha 1969, anatchuka ndi njira ya mamaiki atatu kapena anayi basi: imodzi pamwamba pa snare, ina pambali pa tom yaikulu yapansi ikuyang'ana snare, zonse zotalikirana ndi snare mofanana, kuwonjezera ya kick ndipo mwina ya snare. Pa tom panalibe maiki yake. Maiki yopangidwira kick, monga Shure Beta 52A, AKG D112 kapena Audix D6, idzabwere pambuyo pa zonsezi. Imeneyonso siigona, imagwira pa sipika ya gitala ya besi ndi pa ng'oma yaikulu yachikopa.

Usaiwale masitandi. Sitandi yopindika khosi imene imagwa yokha pakati pa nyimbo ikuwonongera muyeso wa chingwe uja. Gula awiri olimba ndi mawaya abwino a XLR usanapereke ndalama yotsala kwa mnzako wopita ku Johannesburg.

Tsopano chipinda. Sindinachione, koma ndikuchidziwa: njerwa zootcha, pulasitala, simenti pansi, malata pamwamba, mwina opanda siling'i. Imirira pakati uwombe m'manja kamodzi. Ukamva kakulira kotsalira ngati "trrr", condenser ikamvanso, ndipo pa madiramu kakhala kowirikiza. Matireyi a mazira amene anyamata amamata m'makoma sathandiza kwenikweni, amangosunga mphemvu. Imika matiresi m'makona, pachika mabulangete olemera motalikirako pang'ono ndi khoma, yala kapeti pansi pa ng'oma, ndipo bulangete lina likhale pamwamba pakati pa mamaiki ndi malata. Mvula ikayamba, tsiku la mvula palibe chojambula. Nyengo ya msika wa fodya malole akamadutsa pa M1, kugunda kwawo kumalowa kudzera pansi ndi m'masitandi, ndiye pa mamaiki a pamwamba dula zonse za pansi pa 80 kapena 100 Hz.

Koma bwanji ukufuna kusenza madiramu kupita nawo kwanu? Scarlett 2i2 imatenga magetsi ku laputopu kudzera pa USB, ndi 48V yomwe. Chikwama chimodzi chikwana. Pita kutchalitchi Lachiwiri m'mawa kulibe anthu. Denga lalitali limakomera ng'oma kuposa kachipinda, ndipo nyumbayo ikamabweza mawu kwambiri, tsitsa mamaiki ayandikire. Magetsi akazima ntchito siima, ndiponso laputopu ikamayendera batire, kulira kwa 50 Hz kochokera ku magetsi ndi kulira kwa ma inverter otchipa kumasowa.

Chomaliza kwa iwe ndi woimbayo. Anyamata athu a kutchalitchi anazolowera kulimbana ndi masipika, ndiye amamenya cymbal ndi mkono wonse. Ndi mamaiki awiri kapena anayi, wosakaniza weniweni ndi iyeyo. Umuuze apepuke dzanja pa cymbal ndi hi-hat, alimbe pa kick ndi snare. Akwiya pang'ono, koma mumveretse zimene wajambula, adzimvera yekha. Chikopa cha snare chikakhala chobonyoka ndi chodzaza matepi, chatsopano chisintha mawu kuposa maiki ina iliyonse imene ndatchula. Ika pilo mu kick, thira kadontho ka mafuta pa pedulo yolira. Poyesa mphamvu, amenye mmene amamenyera pa kolasi yomaliza, osati mwaulemu, ndipo mita ya pa kompyuta izithera cha pa -12 dB, ukujambula pa 24-bit. Kamphete ka pa Scarlett kakafiira, tsitsa.

Funso lachiwiri

Malume, ndine mayi, ndimatsogolera kwaya ya kutchalitchi chathu cha Katolika chakuno ku Mchinji, kufupi ndi Kamwendo. Timaimba ndi ng'oma zitatu zachikopa ndi maseche. Titapita kukajambulitsa, anatichotsera ng'oma zathu n'kutiikira za pa kiyibodi, akuti zathuzo zimasokosera. Nyimbo zinatuluka zaukhondo koma si ife. Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zipangizo pang'ono ndipo akufuna kutithandiza. Agule maiki yanji?

Yankho

Mayi, ng'oma zanu sizisokosera. Wojambulayo anapeza njira yachidule, ndipo ndimadandaula kuti njira imeneyi yafanizitsa makwaya ambiri, moti sungasiyanitsenso a ku Mchinji ndi a ku Mulanje.

Mwanayo awerenge zimene ndayankha pamwambapa, chifukwa mamaiki ake ndi omwewo: timacondenser tiwiri ndi SM57. Koma ng'oma zachikopa zili ndi khalidwe lake. Zambiri mwa zathuzi, monga mpanje ndi mbalule, zili ndi chikopa mbali imodzi, kunsi n'kotsegula. Kuwomba kwa dzanja kumamveka pamwamba, besi imatulukira kunsi. Mukaika maiki pamwamba pokha mupeza "pha pha" wopanda thupi, mukaika kunsi kokha mupeza kugunda kopanda chiyankhulo. N'chifukwa chake ndimakonda kuyamba chapatali: oimba ng'oma akhale mmene amakhalira pa Misa, moyandikana ndi moonana, ndipo timacondenser tiwiri tiime kutsogolo kwawo, mita imodzi ndi theka kapena awiri, pa msinkhu wa chifuwa. Timitu take tigundane, kamodzi kayang'ane kumanzere kena kumanja, kuti pasakhale kulimbana kwa mafunde kuja. Patali choncho, pamwamba ndi kunsi pa ng'oma zimakhala zitakumana kale mumpweya. Ngati pali malo ena pa sound card, SM57 ipite pa ng'oma imene imatsogolera, masentimita 15 kapena 20 kuchokera m'mphepete, kumbali imene dzanja silifika. Akafuna kuwonjezera ina kunsi kwa ng'oma yomweyo, asindikize kabatani kotembenuza mafunde pa tchanelo yakunsiyo, chifukwa chikopa chikamathawa maiki yapamwamba chimakhala chikulunjika yapansi.

Vuto lenileni likhala maseche. Amaoneka aang'ono koma pa condenser amaphimba aliyense. Wa maseche abwerere m'mbuyo masitepe angapo, ndipo musamupatse maiki yake.

Musajambulire m'kachipinda. Ng'oma zimenezi anazisema kuti zizilira pabwalo. Pansi pa mtengo wa mango m'mawa kusanayambe mphepo, kapena m'tchalitchi mwanu momwemo, mupeza mawu abwino. Panja timacondenser tivale zipewa zake za siponji, ndipo kukakhala kamphepo ka Juni ngakhale zipewazo sizikwanira, lowani mkati. Moto wowambira ng'oma ukhale pafupi koma osati pomveka kuthetheka. Chikopa chikazizira chimatsika mawu, ndiye mukajambula theka la nyimbo, n'kupuma nthawi yaitali, n'kudzapitiriza osawambanso, polumikiza zigawozo aliyense amva kuti ng'oma yasintha. Wambani musanayambe nyimbo iliyonse ndipo muimalize ulendo umodzi.

Za kwaya, ngati malo pa sound card ndi awiri okha, yambani ng'oma pamodzi ndi wotsogolera nyimbo akuimba chapansipansi kumbuyo kwa mamaiki kuti oimba ng'oma asasochere, kenako kwaya iimbe pamwamba pake. Mahedifoni sangakwane onse, koma akavala inu ndi anthu awiri atatu a mawu olimba, enawo atsatira manja anu. Kiyibodi yowerengera nthawi ija musaiyatse. Ng'oma zathu zimafulumira pang'ono nyimbo ikakoma, ndipo kumeneko si kulakwitsa.

Mwanayo mumuuzenso kuti mamaiki amenewa akadzafuna kupita nawo kumudzi kukajambula ng'oma za Gule Wamkulu, ayambe wafika kwa amfumu ndi eni ake a gule. Zoti UNESCO inauzindikira mu 2005 sizikutanthauza kuti aliyense wa laputopu angangofika n'kuimika sitandi. Ndipo timacondenser akatha ntchito azitibwezera m'bokosi pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Tikanyowa timayamba kuthetheka tokha.

Funso lachitatu

Malume, ndimachita kageni kodutsa pa Mwami kupita ku Chipata, ndipo madzulo ndimaimba madiramu. Ndapeza munthu akugulitsa SM57 yatsopano m'bokosi mwake pa mtengo wotsika kwambiri, akuti ali nazo zambiri. Ndidziwa bwanji kuti ndi yeniyeni?

Yankho

Achimwene, mtengowo wakuuzani kale. Ku America komweko kumene kuli kampani ya Shure, SM57 yatsopano imagulitsidwa madola pafupifupi 100. Onjezerani ulendo, msonkho wa pachipata ndi phindu la wogulitsa. Ikafika kuno yotchipa kuposa kwawo, wina akunama. SM57 ndi SM58 ndi ena mwa mamaiki amene amakoperedwa kwambiri padziko lapansi, ndipo bokosi, kachikwama ndi timapepala ta mkati akuba amazipanga mwaluso, ndiye musadalire zimenezo.

Yeniyeni imalemera magalamu 284. Pemphani sikelo ya manambala pa golosale kapena pa butchala muiyeze yopanda waya. Zabodza zambiri zimapepuka, chifukwa mu chogwirira cha yeniyeni muli katransifoma komatidwa ndi guluu, pamene zabodza zina mulibe. Mukamasula pakati, mawaya opita ku mutu pa yeniyeni amakhala achikasu ndi obiriwira. Kamutu kakuda ka pulasitiki kakamazungulira musadabwe, yeniyeni imatero. Koma okopera aphunzira zonsezi, ena mpaka amaika kachitsulo kolemeretsa, ndiye khutu ndilo limalize. Bwerekani yeniyeni kwa munthu amene mukumudziwa, mupite ndi laputopu ndi sound card, mulumikize zonse ziwiri pa mphamvu yofanana. Yankhulani, kenako sisitani chogwirira ndi chala. Yabodza imamva dzanja kwambiri, mawu ake amathwa mopanda thupi, ndipo mukayankhulira kumbuyo kwake imakumvanibe, pamene yeniyeni imakukanani. Pa snare kukana kumeneko ndi kumene mukulipira, apo ayi hi-hat idzadza tchanelo yonse. Wogulitsa akakana kuti muyese, musatulutse chikwama.

SM57 yakale yokandikakandika, yochokera kwa woimba amene akusiya ntchito, ndingaigule mosavuta kuposa yonyezimira ya m'bokosi losadziwika, chifukwa siifa msanga. Ngati ndalama sikufika, gulani maiki yotchipa imene ikunena dzina lake lenileni. Behringer XM8500 ndi dynamic yotsika mtengo imene pa snare ndi pa tom imagwira ntchito yoti munthu n'kulipira, ndipo Shure yomweyo ili ndi PGA57 ya mtengo wocheperapo. Audix i5 ndi ya msinkhu umodzi ndi SM57, ndipo mutu wake ndi wachitsulo, zimene zingakuthandizeni ngati ndodo yanu imaphonyaphonya.